A Ng'anjo Aphunzira Kudandaula

Simbi inali itangoyamba kumvera pamene foni inalira pamwamba pa firiji. Mayi anaiyang'ana ndi diso limodzi n'kupitiriza kusita. Woimba foni nthawi ngati imeneyi amakhala wofuna chinachake, ndipo iye analibe choti apatse munthu. Anali atadzuka kusanache kukakolopa maofesi a anthu, mapazi anali atatupa, ndipo patebulo panali mulu wa majekete oyera a amuna ake, aja ankavala kophika buledi. Sankawasita kuti avalidwe ayi. Ankawasita kuti akabwezedwe kubekale ali osalala, anthu asadzanene kuti mkazi wa a Ng'anjo ndi wauve.

Foni inasiya, kenako inayambanso.

"Bambo, foni yanutu iyo!"

Kuchipinda chochezera kunali zii. A Ng'anjo anali pampando wawo, maso pa wailesi yakanema yosayatsa, monga ankachitira masiku onse chisiyire ntchito. Dzina limeneli anawapatsa ndi anzawo a kubekale, chifukwa ankati munthuyu moto sumuluma. Mayi anapuma mokweza kuti amve, n'kukatenga foniyo yekha.

Anali dokotala wamkazi, wamfupi uja wa magalasi. Ndi yemweyo amene anawauza kuti matendawo ndi khansa ya chikhodzodzo. Ngakhale matendawo sanaululidwe ndi mwiniwake. Anaulula ndi kabudula wamkati, Mayi ataona madontho a magazi pochapa. Atawafunsa kuti zinayamba liti, anayankha kuti, "Kanthawi ndithu," ngati akunena za mvula. Kuchipatala anapala chotupacho, koma mizu yake inali italowa m'khoma la chikhodzodzo. Mankhwala amphamvu a m'diripi, aja amayenda limodzi ndi makina a cheza, impso zawo sizikanawapirira. Chotsala chinali mpeni: kuchotsa chikhodzodzo chonse, mkodzo uzitsikira m'kathumba komata pamimba. A Ng'anjo anati, "Chabwino, adokotala." Atafika kunyumba anatsitsa majekete awo onse n'kunena kuti akabwezedwe, pakuti iwo sadzaima pa uvuni ndi thumba la mkodzo pamimba, pafupi ndi chakudya cha anthu.

Tsono dokotalayo ankayankhula zambiri pafoni, za madokotala anzake amene anakhala pansi, za makina ena otenthetsa, za malo amene apezeka.

"Adokotala," Mayi anamudula, "ndili ndi simbi pamagetsi. Ndiuzeni mwachidule. Mpeni ulipo kapena palibe?"

"Tiuike kaye pambali, amayi. Bwerani nawo mawa."

Mayi anaima kakasi, foni ili m'manja, mpaka fungo linamudzutsa. Anathamangira patebulo. Pamsana pa jekete loyera mbee panali patadindika chipsera chofiirira, chithunzi cha simbi chathunthu, mphuno yake yosongoka ndi timabowo tomwe.

"Mwaonatu," anakuwira kuchipinda chochezera. "Mukanayankha foni yanu!"

"Palibe kanthu, Mayi," anayankha a Ng'anjo.

Ndi mmene ankayankhira chilichonse.

Mawa lake anapita atatu, pamodzi ndi mwana wawo woyamba, amene aliyense m'nyumbamo ankangomuitana kuti Chisamba ngakhale tsopano anali ndi nyumba yake. Dokotala anafotokoza pang'onopang'ono. Masiku onse a ntchito a Ng'anjo azigona pa makina a cheza kwa kanthawi kochepa, cheza chosaoneka chiziwombera pomwe panali chotupa. Koma kamodzi pa sabata azilowanso m'makina ena, otenthetsa chikhodzodzocho kuchokera kunja, mpaka chitenthe kuposa thupi la munthu amene wadwala kwambiri.

"Khansa sigwirizana ndi kutentha," anatero dokotala. "Ikatenthedwa imafooka, magazi amayenda bwino pamalopo, ndiye cheza chikaimenya imalephera kudzikonza. Ziwirizi zikayenda limodzi mwayi umakula. Sindikulonjeza. Zikakanika tibwerera ku mpeni."

"Kuwotcha munthu wamoyo?" anafunsa Chisamba.

"Kutenthetsa, osati kuwotcha. Ndipo pali lamulo limodzi, bambo. Mukamva kuti pena pakukuwotchani, nenani nthawi yomweyo."

Apa a Ng'anjo anaseka, koyamba chiyambire matendawa. Anapinda mikono ya malaya n'kuonetsa manja awo, odzaza zipsera za m'mphepete mwa mathileyi kuyambira pachikhatho mpaka pachigongono.

"Adokotala, mukadati kuzizira ndikadaopa. Koma moto? Ine ndi moto tinakulira limodzi."

Potuluka Mayi anawagwira malaya m'kolido. Mtima wake unali m'mwamba, ndipo mtima wake ukakhala m'mwamba pakamwa pamatuluka zolimba.

"Mwamva kuti malo angopezeka mwamwayi. Pali ena akudikira. Musakachite zachibwana kumeneko, anthu akakutsitseni. Mukalimbe."

"Ndamva, Mayi."

Chipinda cha makina otenthetsa chinali pansi penipeni pa chipatala, kupitirira kochapira. Chitseko chake chinali cholemera ngati cha kubanki. Pakati panali chinthu ngati mgolo waukulu wopanda chivundikiro mbali zonse ziwiri, wogonekedwa chammbali, ndipo munthu ankalowetsedwamo ali chigonere, mgolowo n'kumuzinga kuyambira pamchombo mpaka m'ntchafu. Mkati mwake munali thumba la madzi ozizira lomwe linkafufuma mpaka kumufinya mimba ndi msana. Asanamulowetse, namwino ankamuika timachubu topyapyala toyezera kutentha, m'malo amene Mayi anasankha kuyang'ana kudenga.

Woyendetsa makinawo anali bambo wachikulire, wamutu wosalala ngati dzira. Anatchula dzina lake, koma mayina a anthu a m'chipatala sankakhala m'mutu mwa Mayi, ndiye kunyumba ankangoti a Dazi. Ankakhala kuseri kwa galasi, pamaso pa kompyuta, ndipo anamulola Mayi kukhala pakampando pambali pake. Ola lonse ankawerama pa kachoyankhulira n'kumafunsa.

"Kuli bwanji uko, akulu?"

"Bwinobwino."

"Palibe pomwe pakuluma? Pamsana? M'chiuno?"

"Ayi, zili bwino."

Thukuta linkayenderera pankhope ya a Ng'anjo mpaka m'makutu, namwino n'kumawapukuta ndi kathaulo konyowa. Mayi anamva kunyada pang'ono. Mwamuna ndi ameneyo. Koma a Dazi ankakanda mutu wawo wopanda chokanda.

"Anthu ambiri pofika pano amakhala atanditukwana kale," anatero.

"Awa sali ngati anthu ambiri," anayankha Mayi.

Sabata yachiwiri zinayenda chimodzimodzi. Ndiyeno linafika tsiku lochapa. Mayi akusankha zoyera ndi zamitundu, anapeza vesiti ya amuna ake ili ndi banga lachikasu chakumunsi kumsana, louma gwa. Anainunkhiza. Anaisiya pansi, n'kulunjika kuchipinda chochezera manja ali ndi thovu.

"Imani."

"Kwagwanji?"

"Ndati imani. Tembenukani."

Anakweza malaya yekha. Pamwamba pa fupa la kumunsi kwa msana panali thuza lophulika, lofiira psuu, lalikulu ngati bokosi la machesi, ndipo pambali pake pansi pa khungu panali chinthu cholimba ngati mwala. Atachikhudza, msana wonse wa a Ng'anjo unanjenjemera, koma pakamwa sipanatuluke kanthu.

"Ichi n'chiyani?"

"Kakang'ono ako."

"Kakang'ono! Munthu uja amakufunsani ngati wailesi yoonongeka, kuli bwanji, kuli bwanji, inu n'kumati bwinobwino, kumeneku mukupsa ngati nyama?"

"Sindifa nazo, Mayi."

Mawuwo anamubaya, chifukwa anali ake. Ndi iye amene ankawanena m'nyumbamo.

Dokotala wa magalasi sanakweze mawu, koma anavula magalasiwo n'kuwaika patebulo, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kukalipa. Anati sabata imeneyo azingolandira cheza chokha, bala liyambe lapola.

"Timachubu tija timaona m'malo ochepa, bambo. Kwina konseko maso athu ndinu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikupatsani mpata umodzi. Mukapsanso muli chete, makina otenthetsa tisiya, chifukwa sindingalole kuchiza kutsogolo ndikuwotcha kumbuyo. Titsala ndi cheza chokha, ndipo mwayi wosunga chikhodzodzo uchepa. Mwandimva?"

"Ndamva, adokotala."

Anayankha mwaulemu womwewo umene ankayankhira bwinobwino, ndipo Mayi anadziwa kuti palibe chasintha.

Madzulo ake Chisamba anabwera ndi mabandeji. Anamupeza Mayi kukhitchini akutsuka mbale zoyera kale, akuyankhula yekha.

"Munthu wamkulu, wa imvi zake, kulephera kunena mawu amodzi. Kukuwotcha. Basi. Ngakhale mwana wakhanda amatha."

"Amayi," anatero Chisamba akutsamira chitseko, "m'nyumba muno ndani anadandaulapo n'kumvedwa?"

"Iwe, usandiyambe."

"Ine dzino linatupa mpaka diso kutsekeka, munati simufa nazo. Mng'ono wanga anathyoka chala, munati simufa nazo. Mukudziwa kuti tinkakutchulani chiyani mukatuluka? A Simufa."

"Ndiye munafa?"

"Ayi."

"Ndiye ukufuna chiyani?"

"Palibe. Ndikungoti ababa munawaphunzitsa bwino. Anakhoza mayeso."

Mayi anamuponyera kansalu kopukutira mbale. Sanali munthu wokhala pansi n'kumadzimvera chisoni. Analera ana ndi manja awiri ndi tulo tochepa, ndipo akanati aziimirira pa kulira kulikonse palibe akanapita kusukulu. Koma chinthu chikaphunzitsidwa chikhoza kuphunzitsidwanso mwina. Anali ndi sabata imodzi.

M'mawa mwake, atabwera kokolopa, anawapatsa a Ng'anjo tiyi wozizira wopanda shuga. Anaima pomwepo, manja m'chiuno. Iwo anamwa mpaka pansi.

"Zikomo, Mayi."

"Tiyiyo anali bwanji?"

"Wabwino."

Tsiku linalo anathiramo mchere. A Ng'anjo anamwa kamodzi, anaima pang'ono, anayang'ana m'kapumo, n'kupitiriza. Anawapatsa malaya osasita, opanda batani lapakati, anavala n'kupita nawo kuchipatala mimba ikusuzumira. Anawachotsera pilo pampando wawo. Anatsegula wailesi pa nyimbo za achinyamata zija ankati zimamveka ngati mapoto akugwa pamasitepe. Bamboyo anangokhala phee, mwina n'kumagwedezako phazi.

Linali tsiku lachinayi la sukuluyi pamene Mayi anaphulika. Anali pamalo odikirira basi kutsogolo kwa chipatala, dzuwa lili pamutu, anthu ali mbali zonse.

"Kodi inu munapangidwa ndi chiyani? Ndakumwetsani mchere! Mchere, bambo! Mukufuna thumba lija? Nenani, ndikauze dokotala anole mpeni, tonse tipume!"

Mayi wina amene anali ndi mwana kumsana anasuntha pang'ono. A Ng'anjo anadikira mpaka basi ina yosakhala yawo itadutsa.

"Mcherewo ndinaumva," anatero motsitsa mawu. "Ndinadziwa kuti mwatopa."

"Nanga moto uja simunaumve?"

"Ndinaumva. Kuyambira tsiku loyamba."

"Ndiye?"

"Mayi, ine ndakalambira pa uvuni. Buledi ukamutsitsira moto ali pakati pa ulendo, kunja amaoneka wakupsa, koma ukamudula mkati ndi phala. Sakonzekanso ameneyo, ndi wotaya. Dokotala ananena yekha kuti chinthucho chimafa ndi kutentha. Ine ndikati kukuwotcha, munthu uja atsitsa moto. Akatsitsa, chinthucho chitsala chachiwisi. Ndiye ndinati khungu lipse, ndi khungu chabe, limamera lina. Bola chapakaticho chipse."

Mayi anali atakonzekera kulimbana ndi kuuma mutu, kapena manyazi achimuna, kapena mantha a mawu ake omwe aja a m'kolido. Sanayembekezere kuti munthuyu waganiza, ndipo maganizowo akumveka. Ulendo wonse wa pabasi anangoyang'ana manja a zipsera aja atagwira chitsulo cha mpando wakutsogolo.

Mawa lake, a Ng'anjo atalowa ku makina a cheza, Mayi anatsika masitepe mpaka pansi, kupitirira kochapira. Anawapeza a Dazi pabenchi ya m'kolido, akusenda lalanje.

"Pepani, ndikusokonezani. Ndili ndi funso limodzi, mundiyankhe mosazungulira. Munthu akanena kuti kukuwotcha, inu mumatani? Mumatsitsa moto?"

"Kutsitsa? Ayi, amayi. Ndimausuntha."

"Kuusuntha bwanji?"

A Dazi anaika lalanjelo pakati pa chikhatho n'kulizungulira ndi chala.

"Mgolo uja uli ndi timakomo tingapo totulutsa kutentha, kuzungulira thupi lonse. Tonse timalunjika pakati. Koma thupi la munthu si madzi, muli mafupa, muli mafuta, ndiye kutentha kumakonda kuunjikana pena. Munthu akandiuza kuti ndi apa, ndimachepetsa khomo limenelo n'kuwonjezera linalo. Pakatipo pamatenthabe. Kunena zoona, wodandaula ndi amene ndimamukwezera bwino, chifukwa ndimadziwa kuti zikavuta andiuza. Koma munthu wa bwinobwino ngati amuna anuwa amandiopsa. Ndimayenda ngati mumdima, dzanja pa buleki."

"Mukutanthauza kuti kukhala chete kuja..."

"Kunja anapsa, mkati simunafike pomwe ndimafuna."

Mayi anakhala pansi pabenchipo osaitanidwa. A Dazi anamupatsa chidutswa cha lalanje, iye n'kulandira osadziwa kuti walandira. M'mutu mwake munabwera nkhani imene anaimva nthawi zosawerengeka chikwatiwire, pa chakudya, pa maliro, pa ukwati wa Chisamba pomwe, mpaka ana ankaimaliza okha bambo awo akangoiyamba.

Anadikira mpaka atakhala m'basi.

"Bambo, uvuni wanu uja wakale. Munkati uli ndi ngodya yovuta."

Nkhope ya a Ng'anjo inawala ngati wawatchulira mwana wawo wokondedwa.

"Yakumanzere, chakumbuyo. Ngodya ya satana imeneyo. Ukangoiiwala, malofu a pamenepo amatuluka akuda bii, apakati asanayambe n'kufiira komwe. Anabwera amisiri, anabwera enanso, palibe anaitha."

"Ndiye mumazimitsa moto?"

"Kuzimitsa? Ndani azimitse moto buledi ali mkati? Umatembenuza thileyi, Mayi. Wakumbuyo abwere kutsogolo. Komatu uzidziwa nthawi yake. Ine ndimamva ndi mphuno."

"Makina ajanso ali ndi ngodya yake. Ndafunsa. A Dazi satsitsa moto, amatembenuza thileyi. Koma alibe mphuno yanuyo, ali kuseri kwa galasi. Mukakhala chete amaopa, ndiye amaphika ndi moto wochepa. Masabata awiri aja munapsa kunja, mkati muli phala."

A Ng'anjo anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Ananena choncho?"

"Ndi pakamwa pawo, akudya lalanje."

Basi inaima, anthu anatsika, ena anakwera.

"Buledi sayankhula," anatero a Ng'anjo.

"Uyu ayankhula. Apo ayi aona ine."

Tsiku la makina otenthetsa Mayi anapempha mnzake kuti amukolopere maofesi a pamwamba. Bala linali litauma, dokotala analiona n'kuvomera, koma anabwera yekha kudzaima kuseri kwa galasi, manja m'matumba a gawuni. Thumba la madzi linafufuma. Makina anayamba kulira pansipansi ngati firiji. Manambala a pakompyuta anayamba kukwera mwaulesi.

"Kuli bwanji uko, akulu?"

"Bwino."

Mayi anafinya chikwama chake. Panapita nthawi. Thukuta linayamba pamphumi pa a Ng'anjo.

"Nanga pano?"

"Bwi..."

Anaima pomwepo. Mayi anaona nsagwada zawo zikulimba, anaona zala zakumapazi zikupindika, monga zinkachitira akabwera ndi bala latsopano kuchokera kuntchito n'kumati palibe kanthu. Kachoyankhulira kanali pafupi, akanatha kuwerama n'kukuwa. Lilime linamuyabwa. Koma anadziwa kuti akayankhula iye, bamboyo amvera iye, ndipo sabata yamawa zidzakhala zomwezo. Analuma mlomo. Kwa munthu ngati iye, ntchito imeneyo inaposa kukolopa nyumba yosanja yonse.

Kenako mawu anatuluka pa sipika, okhuthala, osazolowera njira.

"A Dazi."

Dokotala anatsokomola. Namwino anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Mayi anafuna pansi patseguke. Mwini dzinalo anasisita mutu wake.

"Ndine ndemwe, akulu. Nenani."

"Kumanzere. Chakumbuyo, pamwamba pa fupa. Kwayamba kugwira."

Zala za a Dazi zinathamanga pakompyuta.

"Pano?"

"Kukuchoka... kwachoka." Panadutsa kanthawi. "Koma mwatembenuza kwambiri. Kwabwera pantchafu yakumanja, kutsogolo."

"Pepani, bwana. Apa bwanji?"

"Eya. Pamenepo. Musakhudzenso."

"Ndikweze pang'ono?"

"Kwezani. Ndikuuzani."

Anapitiriza choncho ola lonse, wina kuitana, wina kutembenuza, ngati anthu awiri amene agwira ntchito limodzi kuyambira kale. Pena a Ng'anjo ankachita kukalipa, kuti mwachedwa, ndinanena kale kuti kumanzere. Chakumapeto a Dazi anagogoda galasi la kompyuta ndi chikhadabo, pa mzere umodzi umene unali utakwera n'kukhazikika.

"Amayi, uwu ndi wa m'chikhodzodzo. Apa sitinafikepo chiyambire."

Dokotala anagwedeza mutu n'kutuluka. Mayi anati akufuna kuchimbudzi. Anakakhala pabenchi ya m'kolido ija, anavula nsapato, n'kumayang'ana mapazi ake otupa mpaka maso anasiya kuchita chifunga.

Masabata otsalawo sanali a masewera. Cheza chinawatopetsa a Ng'anjo mpaka ankagona pampando chakudya chili m'manja. Mkodzo unkawotcha, ndipo ankadzuka kupita kuchimbudzi ngati pali amene akuwaitana. M'mimba namo munasokonezeka. Koma tsopano ankanena, ndipo chilichonse chimene ananena chinali ndi mankhwala ake kapena malangizo ake. Mayi anadzigwira kangapo mawu aja akuti simufa nazo ali kale pamilomo, n'kuwameza. Ankatsika movuta ngati mbatata youma.

Patapita miyezi ingapo chithandizo chitatha, anawalowetsa kakamera m'chikhodzodzo. Dokotala anatembenuza kompyuta kuti Mayi aone. Iye sanaone chilichonse chomveka, khoma lofiirira basi, ndi kamalo kotuwa.

"Apa ndi pomwe panali chotupa. Chatsala chipsera."

"Ndiye yatha?" anafunsa Mayi.

"Lero sindikuiona. Mawu akuti yatha sindinena msanga, matendawa amatha kubwerera. Muzibwera ndiziyang'ana, kawirikawiri poyamba. Koma chikhodzodzo ndi chawo, apite nacho kunyumba."

"Kakamera kanuko ndi kozizira," anatero a Ng'anjo ali pabedi. "Simungamakatenthetseko pang'ono?"

Eni bekale anati abwerere, ayambe ndi theka la tsiku. Majekete aja anali asanabwezedwe. Anali mu pulasitiki pamwamba pa kabati, pomwe Mayi anawaponya tsiku la foni lija, ndipo anatuluka okwinyika ngati sanaonepo simbi. Loweruka masana anawakhuthulira patebulo n'kuyambiranso. Chisamba anali pampando wa kukhitchini, akudya mtedza wa m'botolo la bambo ake.

"Mayi!" mawu anachokera kuchipinda chochezera. "Kolala musaiumitse ngati kale. Imandicheka pakhosi."

Mayi anaimika simbi.

"Imakuchekani kuyambira liti?"

"Kuyambira kale. Chikwatirane."

"Zaka zonsezi osanena?"

"Ndikunenatu pano. Ndipo tiyi uyu wachepa mkaka. Komanso pilo wa pampando pano waphwa, akundipweteka msana. Kumanzere, chakumbuyo."

Chisamba anatsamwa ndi mtedza. Atatha kutsokomola anapukuta misozi.

"Walira mvula walira matope, amayi."

"Iwe, tseka botololo upite kwanu."

Anatenga jekete lotsatira n'kuliyala. Linali lija la chipsera cha simbi pamsana. Analitembenuza uku ndi uku, kuganiza ngati lingavalidwe pansi pa epuloni. Epuloni imabisa kutsogolo kokha.

"Lopserera lija ine sindivala," anatero a Ng'anjo, ngati akuona kudutsa khoma. "Anyamata akandiseka."

Mayi anakoka mpweya. Mawu aja anakwera okha mpaka pammero, awiri, okonzeka. Chisamba anasiya kutafuna, akumuyang'ana.

"Ndamva," anatero Mayi.

Analiponya pambali lopsereralo, kuti lidzakhale chokolopera, n'kukoka lina pamulu. Mulu unali usanatsike n'komwe. Ananyowetsa chala, anakhudza simbi kuti amve ngati ikadali yotentha, n'kuyamba ndi kolala, mopepuka.